Kiyi Wachilendo ndi Chithunzi cha Bambo a Mkwatibwi

Situdiyo ya Mdala inali ndi zipinda ziwiri, koma anthu obwera kudzajambulitsa ankangodziwa chimodzi, chakumaso, chokhala ndi nsalu yoyera pakhoma, nyali ziwiri zazitali miyendo, galasi lodziyang'anira, ndi chipeso chimene chinali chitapesa mitu yosawerengeka. M'chipinda chimenechi munkalamulira mwana wamwamuna wa Mdala, munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, wodziwa kuseketsa khanda lolira ndi kuwongola khosi la mkwati wamanyazi. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankamuitana kuti Ndazitha, chifukwa chilichonse chimene wagwira, kaya ndi fani, kaya ndi loko wa chitseko, asanachiyese n'komwe ankapukuta m'manja n'kulengeza kuti, "Ndazitha." Fani imene anakonzayo inazungulira chammbuyo miyezi itatu.

Chipinda chachiwiri chinali kuseri, chopanda zenera, chonunkha inki ndi fumbi lotentha. Munali tebulo, kompyuta, kabati ya madirowa, ndi mpando umene mwendo wake umodzi unkatsamira pa buku lakale. Mmenemo munkagwira ntchito mlongo wake wamng'ono, amene makasitomala ambiri sanamuonepo nkhope ndipo ankangomutchula kuti Wakuseri. Chithunzi chikatuluka bwino, anthu ankagwira chanza Ndazitha. Chikachedwa, Ndazitha ankaloza khoma ndi chala chachikulu n'kuti, "Ndi wakuseriyu." Zinthu zinkayenda choncho kuyambira pamene ng'ala inaphimba maso a bambo awo n'kuwakhazika pampando wapakhomo, pomwe ankangopatsa moni mithunzi ya anthu odutsa.

Sabata imene ndikukambayi, m'kompyuta ija munali katundu wolemera kuposa masiku onse. Masabata awiri m'mbuyomo anajambula ukwati wa mtsikana wina, namwino, amene bambo ake anadzuka pabedi la chipatala kuti aperekeze mwana wawo kuguwa. Anayenda naye pang'onopang'ono, suti itawakulira, ndipo patangopita masiku asanu ndi limodzi anamwalira. Tsiku la ukwatilo Ndazitha mwiniwake ndiye anaima pamaso pa anthu n'kulamula kuti aliyense atsitse foni yake mkwatibwi akamalowa, kuti manja asatchinge kamera. Anthu anamvera. Choncho ulendo wotsiriza wa bambo uja ndi mwana wake unagwidwa ndi kamera imodzi yokha. Makadi osungira zithunzi a kamerayo anali atafufutidwa kale n'kujambulirapo mwambo wa omaliza maphunziro. Zithunzi zinatsala malo awiri basi: m'kompyuta, ndi mu disiki yosungira imene Wakuseri ankaikhomera m'dirowa.

Mkwatibwi anaimbira Wakuseri foni Lolemba, mawu ake atasasa ndi kulira kwa pamaliro.

"Za alubamu musavutike nazo panopa, asisi," anatero. "Ndikungofuna chimodzi chokha, cha ine ndi bambo, chachikulu, choti ndikapachike pabalaza pa amayi. Ndibwera Lachinayi, 4 koloko."

Wakuseri sanafunse kuti chiti. Anachidziwa. Anakhala nacho masiku atatu, akuwongola kuwala, akuchotsa mthunzi wa chipilala pankhope ya bamboyo, mpaka maso ake anayamba kuyabwa.

Pulinta yakale inali itafa mwezi wathawo. Yatsopano, yaikulu ngati firiji yogoneka, inafika Lachitatu madzulo. Lachinayi m'mawa Wakuseri anakhala pansi kuti aike pulogalamu yoyendetsera pulintayo. Kompyuta inakana. Inalemba mizere itatu yofiira n'kukhala chete.

Kwa inu amene simunalimbanepo ndi kompyuta ya mtundu umenewu, lolani ndifotokoze pang'ono. Siilandira pulogalamu mwachisawawa. Pulogalamu iliyonse imabwera ngati phukusi, ndipo phukusi lililonse limakhala ndi siginecha ya amene analimanga. Kompyuta imasunga makiyi a anthu amene imawakhulupirira. Phukusi likafika, imayesa siginecha yake ndi kiyi wa mwini wake. Zikagwirizana, imatsegula khomo. Zikapanda kugwirizana, imakana, ngakhale muinyengerere, ngakhale muitukwane. Ndi mlonda wouma mutu, koma kuuma mutuko ndiye ntchito imene anamulembera.

Wakuseri sanapse mtima ndi mizere yofiirayo. Anaiwerenga umodziumodzi, chala chili pa sikirini, monga ankachitira nthawi zonse. Woyamba unkadandaula kuti masiginecha onse ndi a m'tsogolo, tsiku lake silinafike. Anayang'ana wotchi ya pakona n'kuseka yekha: kompyuta inkaganiza kuti ikadali m'chaka chimene iye anali kusekondale. Kabatire kosunga nthawi kanali katafa. Anatsegula bokosi, anasintha kabatireko, anakonza tsiku, mzere woyamba n'kuchoka. Wachiwiri unkati kiyi wa eni dongosolo lonse la kompyutayo watha nthawi yake. Amenewo amasintha makiyi pakapita zaka zingapo, ndipo watsopano amabwera atasainidwa ndi wakale, ngati munthu wopuma pantchito amene akukuonetsani yekha womulowa m'malo. Anakoka pa intaneti mndandanda watsopano wa makiyi, kompyuta inauyesa n'kuuvomera. Unatsala mzere umodzi, ndipo umenewo unkati phukusi la pulinta lasainidwa ndi kiyi amene kompyutayo sikumudziwa.

Pamenepo Ndazitha anasuzumira pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Bwanji pulinta sinayambe kulira mpaka pano?"

"Kompyuta ikukana phukusi lake, achimwene. Ikuti siginecha ndi yachilendo."

"Ndiye iuze ivomere. Anagula mnzake ndani, ife kapena iyo?"

Wakuseri anatenga kabuku kamene kanabwera m'katoni ya pulinta n'kutsegula tsamba lomaliza. Kiyi aliyense ali ndi nambala yakeyake, zilembo ndi manambala makumi anayi, zosafanana ndi za kiyi wina aliyense, ndipo ogulitsa pulintawo anali atasindikiza nambala ya kiyi wawo pamenepo. Anaika rula pansi pa mzerewo n'kuyamba kufananitsa ndi nambala imene inali pa sikirini, zilembo zinayi zinayi, akutchula chapansipansi. Sanafike ndi pakati pomwe. Manambalawo sankadziwana n'komwe.

"Si kiyi wawo uyu," anatero. "Mwina asintha osatiuza. Mwinanso si iwowo. Sindingadziwe ndisanawafunse."

"Phukusilo walitenga kuti?"

"Pa tsamba lawo la pa intaneti."

"Dzina lawo lilipo?"

"Lilipo."

"Chizindikiro chawo?"

"Chilipo."

"Nanga ufunsenso chiyani? Ukufuna akulumbirire atagwira buku? Zengerezu adalinda kwawukwawu, mlongo wanga. Mayi uja akubwera 4 koloko, ndipo amene adzamuyang'ane m'maso ndi ineyo, osati iwe."

Wakuseri anaimba foni kwa ogulitsa aja. Anayankha mayi wolandira alendo, amene anati katswiri wawo watuluka mwadzidzidzi, abwerera 2 koloko, ndipo iye za makiyi amangodziwa a chitseko cha ofesi.

Tsoka lake, tsiku lomwelo 1 koloko Mdala ankayembekezeka kuchipatala cha maso. Tsikulo analidikira miyezi inayi. Wowaperekeza anali wodziwikiratu, pakuti Ndazitha nthawi zonse ankati situdiyo singatsale yopanda munthu, ngati kuti amene ankakhala kuseriyo anali mpando. Asananyamuke, Wakuseri anatulutsa disiki yosungira m'dirowa n'kuilumikiza, kuti ntchito yake ya masiku atatu ija ikhale malo awiri. Kompyuta inati kukopera kutenga ola ndi theka. Anaima pang'ono, dzanja lili pa waya, akuganiza zoti aizule. Anaisiya. Chimenechi ndi chimene anadzadziimba nacho mlandu masiku ambiri, ndipo sindimubisira.

Analemba papepala nambala ya kiyi wachilendo uja, m'munsi mwake nambala ya foni ya katswiri, n'kukaliika m'manja mwa mchimwene wake.

"Achimwene, ikakwana 2 koloko muwaimbire anthuwa, ine mwina ndidzakhala ndili mkati kwa dokotala. Muwawerengere nambala iyi, zilembo zinayi zinayi. Akati ndi yawo, ndikabwera 3 koloko ndidzaika pulogalamuyo, kusindikiza ndi mphindi khumi zokha. Akati si yawo, nditenga chithunzicho ndikasindikizire kwa anzathu a kutsidya kwa msewu. Mulimonsemo mayi uja apeza chithunzi chake. Chonde, kompyuta musaikhudze."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Ndazitha, akuwongola tayi pagalasi.

Kuchipatala anadikira pabenchi, kenaka anaitanidwa. Dokotala anadonthezera mankhwala m'maso mwa Mdala, anawaunika, analemba tsiku la opaleshoni. Atatuluka m'chipindamo nthawi inali itadutsa 2 koloko ndi mphindi makumi awiri. Wakuseri anayatsa foni n'kupeza uthenga wochokera kwa mchimwene wake. Unali wa liwu limodzi: "Ndazitha."

Anamuimbira, foni inangoitana. Anaimbanso, chimodzimodzi. Ndiye anaimbira katswiri uja ali chiimire m'khonde la chipatala, dzanja lina litagwira chigongono cha bambo ake. Atangotchula pulinta ndi kiyi wachilendo, bamboyo anamudula mawu.

"Imani pomwepo, mayi. Mwaika kale?"

"Ine sindinaike. Koma kuntchito kuli achimwene anga."

"Tsamba lathu akuba analithyola dzana. Anachotsa phukusi lathu n'kuikapo lawo, kiyi wawo n'kumuika pambali pake. Tazindikira lero m'mawa, ndipo tikulimbana nawo kuti tilitseke. Aliyense amene waimba kuyambira 2 koloko ndamuuza kuti asalikhudze. Aimba anthu asanu ndi awiri. Achimwene anuwo sanaimbe."

"Likalowa limachita chiyani?"

"Limayendetsa pulinta bwinobwino kuti musakayike. Kwinaku likukhoma chilichonse chimene lapeza. Thamangani mukazule mawaya onse."

Thamangani! Angathamange bwanji munthu amene akutsogolera nkhalamba yovala magalasi akuda, yoona dziko ngati chifunga? Anaimbira mchimwene wake kachitatu, kachinayi. Kachisanu anayankha.

"Ndili ndi kasitomala," anatero, n'kudula.

Anatsika masitepe a chipatala imodziimodzi, Mdala akufufuza iliyonse ndi phazi. Basi inachedwa. Itabwera inaima pa siteji iliyonse ngati ikusanzika abale. Wakuseri analemba uthenga wa zilembo zikuluzikulu woti azule mawaya, koma palibe anauwerenga.

"Kwagwanji, mwanawe?" anafunsa Mdala.

"Palibe, bambo. Tiyeni tingofika."

Anafika 3 koloko itadutsa. Ndazitha anawachingamira pakhomo, mano onse ali pamtunda.

"Wabwera, katswiri? Ntchito imene yakudyera m'mawa wonse ine ndaimaliza tiyi asanazizire. Ndinangolemba mawu ofiira aja pafoni, intaneti n'kundipatsa yankho. Umangokoka kiyiyo, n'kuiuza kompyuta kuti imukhulupirire. Mizere iwiri yokha! Zofiira zonse zinasanduka zobiriwira. Taona."

Anatambasula pepala lalikulu, lonyezimira, inki isanaumitse. Abale, ndimati ndikafika pamenepa mtima wanga umawira. Munthuyu anali ndi mpata wosindikiza chithunzi chimodzi choyesera pulinta. M'kompyutamo munali zithunzi zikwi zambiri, ndipo chimodzi mwa izo chinali pamwamba penipeni, cholembedwa dzina la mkwatibwi ndi mawu oti "Lachinayi 4 koloko". Iye anasankha nkhope yake. Papepalapo panali Ndazitha, tayi yofiira, chibwano chili m'dzanja, akumwetulira ngati wopikisana nawo pachisankho.

Wakuseri anamukankha ndi phewa n'kulowa kuseri. Kanyali ka disiki yosungira kanali kakuphethira mofulumira. Anazula waya wake, anazula wa intaneti, kenaka anayang'ana pa sikirini. Pamene pankakhala tinkhope ta anthu, timaluwa, timadiresi toyera, panali timapepala toyera topanda kanthu, mzere ndi mzere, mayina ake atasanduka zilembo zosawerengeka. Anatsegula cha mkwatibwi, chinakana. Anatsegula china, chinakana. Pakati pa sikirini panatuluka uthenga wa akuba aja, wofuna dipo. Anatenga disiki yosungira n'kukaiyesa pa kompyuta ina yaing'ono imene inali kumaso, atachotsa intaneti. Namonso munali timapepala toyera tokhatokha.

Anakhala pansi.

"Yatani?" anafunsa Ndazitha ali pakhomo, pepala lija likadali m'manja. "Wasokoneza chiyani? Ine ndaisiya ili bwinobwino."

"Munaimba foni?"

"Foni ya chiyani?"

"Pepala ndinakupatsani lija. Munaimba?"

"Ndiimbe kuti ndikawerengere munthu wamkulu mnzanga zilembo ngati mwana wa sukulu? Andiyese chitsiru? Kompyuta inavomera yokha, ndinaona ndi maso angawa."

Wakuseri anaimirira. Chibadwire anali asanakwezepo mawu kwa mchimwene wake, koma tsiku limenelo anthu odutsa mumsewu anamumva.

"Inavomera yokha? Inakana, achimwene! Inakana m'mawa wonse! Inavomera chifukwa inuyo munaigwira pakhosi n'kuiuza kuti wakubayo ndi m'bale wathu. Kiyiyo munamutenga kuti?"

"Pomwe panali phukusipo."

"Pomwe panali phukusipo! Munthu wabwera pakhomo ndi katundu, mlonda akuti sindikumudziwa, inu n'kumuuza mlendoyo kuti adzilembere yekha kalata yomuchitira umboni. Walemba, mwawerenga, mwamutsegulira. Foni inali m'manja mwanu. Foni yomweyo imene munafufuzira nzeru za anthu osawadziwa ikanaimba nambala ili papepalayo. Mphindi ziwiri, achimwene. Anthu asanu ndi awiri aimba lero, onse zinthu zawo zili bwino. Inu nokha ndiye wamkulu kwambiri woti simungafunse."

"Usandilankhule choncho, ndine mkulu wako."

"Ndinu mkulu wanga, inde. Ndiye 4 koloko ikakwana mukhale mkulu."

Mdala anali atafika pakhomo la kuseri akupapasa khoma. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati chithunzi cha malemu aja chapulumuka. Wakuseri anawauza kuti chapita.

Mphindi zimene zinatsala Wakuseri sanakhale manja lende. Anaimbiranso katswiri uja, amene anamuuza mosabisa kuti loko wa akubawo palibe amene wamuthyola, ndipo ena amene analipira dipo m'mbuyomu anangotaya ndi ndalama zomwe. Anasonkhanitsa makadi onse a kamera n'kuwafufuza limodzilimodzi, mwina pansi pa zatsopano pangatsale kachidutswa ka zakale. Anapezamo zipewa za omaliza maphunziro, mazanamazana, zikuuluka m'mwamba. Za ukwati panalibe ngakhale duwa limodzi.

Mkwatibwi anafika nthawi yake yeniyeni. Anali atavala zakuda, ndipo m'khwapa anapanira felemu yaikulu yamatabwa, yatsopano, makona ake akadali okutidwa ndi makatoni. Anapereka moni kwa Mdala mwaulemu, n'kuika felemuyo patebulo.

"Ndagula ya saizi imene munandiuza ija," anatero. "Amayi sakudziwa. Ndikufuna akangochipeza pakhoma."

Ndazitha, amene sankalowa kuseri pokhapokha akafuna tchaja, anayamba kubwerera chammbuyo kulowera komweko. Anapeza mlongo wake ataima pakhomo, manja atagwira mafelemu a chitseko uku ndi uku. Anatembenuka, anakhosomola, anagwira tayi.

"Mayi, pepani, pachitika kavuto pang'ono. Mukudziwa makompyutawa. Wakuseriyu anasiya zinthu zili..."

"Khala chete." Anali Mdala, ndipo sanakweze mawu. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumva ukuloza khoma, ine n'kumangoti ndi zachibwana, zidzatha. Maso ndilibe, koma makutu ndili nawo. Muuze mayiyu chimene wachita, ndi pakamwa pako."

Ndazitha ananena. Anazungulira, anatchula intaneti, anatchula akuba, anatchula ogulitsa pulinta, koma pamapeto pake ananena, kuti anauzidwa kuti afunse ndipo sanafunse. Mkwatibwi anamvetsera osaphethira.

"Zonse?" anafunsa.

"Zonse," anayankha Wakuseri.

"Koma inu si amene munatiuza kuti titsitse mafoni?" Anali akuyang'ana Ndazitha. "Azakhali anga anali atakweza kale yawo. Munawatsitsa dzanja ndinu. Munati, 'Siyirani akatswiri.'"

Ndazitha anayang'ana nsapato zake.

Wakuseri ankayembekezera kukuwa, kutukwana, ngakhale felemu ija kuswekera pamutu pa munthu, ndipo kunena zoona akanakondwa. Koma mtsikanayo anangokhala pampando wojambulirapo, kutsogolo kwa nsalu yoyera, manja ali pamiyendo. Kenaka anadzutsa mutu.

"Asisi, inu munachiona?"

"Ndinakhala nacho masiku atatu."

"Tsiku lija ine sindinawaone bwino. Ndinkangoyang'ana pansi kuopa kuponda diresi. Anali bwanji?"

Wakuseri anachoka pakhomo paja n'kukagwada pafupi naye.

"Anakugwirani dzanja ndi manja awo onse awiri. Lamanzere pansi, lamanja pamwamba. Kolala ya shati inali itawakulira, tayi itapendekera kumanzere pang'ono, ndinaisiya choncho, sindinaiwongole. Anthu onse ankayang'ana inu. Inu munkayang'ana pansi. Iwo sankayang'ana kutsogolo kumene ankapita, ankayang'ana inu, ndipo ankaseka. Osati kumwetulira kwa pachithunzi ayi. Kuseka kwenikweni, mpaka maso anatsinzinika."

"Ankaseka?"

"Ankaseka, asisi."

Apo ndiye mtsikana uja analira, kulira kosadziletsa, nkhope ili paphewa la munthu amene anali atangomuona koyamba tsiku lomwelo. Mdala anavula magalasi akuda aja n'kupukuta m'maso. Atatonthola, mkwatibwi anaimirira, anatenga felemu yake yopanda kanthu, anatsanzika Mdala ndi Wakuseri, n'kutuluka. Ndazitha anamutsegulira chitseko, koma iye anadutsa ngati pakhomopo palibe munthu.

Kompyuta anaikonza sabata yomweyo. Wakuseri anafufuta zonse n'kuyamba pachiyambi, ndipo kiyi weniweni wa ogulitsa pulinta anamulandira atawerengerana ndi katswiri pafoni, zilembo zinayi zinayi, mpaka zonse makumi anayi. Zinatenga mphindi ziwiri ndi theka. Pulinta imagwira ntchito mpaka lero, ndipo imatulutsa zithunzi zokongola. Koma pakhoma la pabalaza pa mayi wamasiye uja palibe chimene chinapachikidwa.

Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima chifukwa Ndazitha sanali mbuli, ndipo sanasowe womuchenjeza. Kompyuta inamuuza ndi zilembo zofiira. Mlongo wake anamuuza ndi pakamwa, n'kumulemberanso papepala. Katswiri anali pampando, foni ili pambali, akudikira woimba. Chimene chinamukanika munthu wamkulu ndi tayi yake n'kutsegula pakamwa kuti, "Pepani, kodi kiyi uyu ndi wanu?" Anaona kuti kufunsa n'kudzichepetsa, ndiye anatapa chimene chinali pafupi n'kumeza, akuti ndi uchi. Chowawitsa n'chakuti amene anatsamwa nacho ndi mwana wa eni, amene analakwa pongomukhulupirira. Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.